Manambala a pansi pa dzina la dotolo wa ubongo: kodi amawerenga chiyani?

Pa tchuthi cha Khirisimasi, mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira za udotolo mumzinda wa Tete, anakwera chapa kubwera kwathu ku Ulongwe. Tsiku lachiwiri chakumadzulo tili pakhonde, anatipeza azakhali ake, mayi amene mwana wawo wamwamuna wakhala akugwa khunyu kuyambira ali wamng'ono. Atakhala pamphasa anamasula foni pansonga ya chitenje n'kutionetsa chithunzi chimene wina anawatumizira pa WhatsApp. Panali nkhope ya bambo wovala malaya oyera, dzina lake, ndipo pansi pake manambala atatu okhala ndi mawu a Chingerezi. Wotumizayo anawonjezera kuti uyu ndiye katswiri wa ubongo woposa onse.

"Mwanawe, iwe ukuphunzira zimenezi," anatero mayiwo. "Manambala awa, kodi ndi anthu amene anawachiza?"

Mtsikanayo anayang'ana chithunzicho kwa kanthawi. "Iyayi azakhali, awa si odwala. Awa ndi mapepala amene analemba, ndi anthu amene anatchula mapepalawo." Kenako anatembenukira kwa ine: "Atsibweni, inu mumakonda kukumba zoterezi, tafotokozani bwino."

Ndinayesa usiku umenewo, koma nkhaniyo inakula kuposa nthawi imene tinali nayo. Ndiye ndaona kuti ndilembe, chifukwa zithunzi zoterezi zikuyenda kwambiri m'mafoni, ndipo ophunzira athu a ku yunivesite ya UniZambeze ndi masukulu ena a ukachenjede akumana nazo tsiku lililonse akamafufuza pa intaneti.

Wofufuza za ubongo ndi ndani

Nthambi ya udotolo yoona matenda a ubongo, msana ndi mitsempha imatchedwa neurologia pa Chipwitikizi. M'menemo muli khunyu, sitiroko imene imapha ziwalo mbali imodzi, mutu waching'alang'ala, kunjenjemera kwa Parkinson, kuiwala kwa okalamba, ndiponso matenda olowa mu ubongo monga malungo aakulu ndi oumitsa khosi. Dotolo wa nthambi imeneyi akhoza kukhala woona odwala basi, akhoza kukhala wofufuza basi, ndipo ambiri amachita zonse ziwiri. Manambala amene tikukambawa amayeza mbali imodzi yokha, ya kufufuza ndi kulemba.

Madotolo oterewa ndi osowa kwambiri kwathu kuno. Lipoti la mu 2017 la WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, linaonetsa kuti m'mayiko osauka, ogwira ntchito ya ukatswiri wa ubongo amakhala pafupifupi mmodzi pa anthu miliyoni imodzi, pamene m'mayiko olemera amaposa 7 pa anthu 100,000 alionse. Musungeko zimenezi m'mutu, pakuti munthu amene pakhomo pa chipinda chake pamakhala mzere wa odwala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka sakhala ndi nthawi yolemba yofanana ndi mnzake wa ku London.

Pepala limabadwa bwanji

Nambala yoyamba pachithunzi chija ndi ya mapepala. Pepala, limene ophunzira athu amalidziwa ndi dzina loti artigo, ndi lipoti la kafukufuku: funso linali lotani, anayeza anthu angati, anayeza bwanji, anapeza chiyani. Limasindikizidwa m'magazini ya akatswiri. Pa za ubongo pali magazini odziwika monga Brain, amene anayamba mu 1878, Neurology, The Lancet Neurology, Stroke ndi Epilepsia.

Tisakambe za kutali, titenge chitsanzo cha pakhomo pathu pano. Mu 2007 ofufuza anayenda m'midzi 11 ya boma la Angónia, akugwira nkhumba, kuzikanula kukamwa kuti aone pansi pa lilime, ndi kutenga magazi. Ankafuna timatumba toyera tija timaoneka ngati mpunga m'nyama, timene ena amati masese. Timeneti ndi ana a njoka ya m'mimba yotchedwa Taenia solium. Pa nkhumba 661 zimene anayeza, magazi anaonetsa matendawa mwa 231, ndiye kuti pafupifupi 35 pa 100 zilizonse, pamene kuyang'ana lilime kunangogwira 84. Anapezanso kuti nkhumba zoyenda mwachisawawa zinali pangozi kuposa za m'khola. Pepala lake, limene dzina loyamba pamzere wa olemba ndi Alberto Pondja, linatuluka mu 2010 m'magazini ya PLoS Neglected Tropical Diseases.

Mwina mukufunsa kuti nkhumba zikulowa bwanji pa nkhani ya ubongo. Munthu akadya nyama yosapsa bwino yokhala ndi timatumbato, njoka imakula m'matumbo mwake ndipo mazira ake amatuluka ndi chimbudzi. Wina akameza mazirawo kudzera m'manja osasamba, madzi kapena ndiwo zamasamba, timatumba tija timatha kukamera mu ubongo wake, ngakhale iye sanalawepo nkhumba chibadwire. Bungwe la WHO limati m'madera amene njokayi ndi yofala, imayambitsa pafupifupi 30 pa 100 alionse a odwala khunyu. Ndipo mu 2017 magazini ya Acta Tropica inatulutsa pepala lina, la Yunus Assane ndi anzake, lonena za matendawa mu ubongo wa anthu a ku Angónia komweko.

Taonani zaka: ntchito ya m'midzi 2007, pepala 2010. Pakati apo pamachitika zambiri. Kafukufuku wokhudza anthu amayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti yoona za umunthu pa zofufuza, imene kuno pamwamba pake pali Comité Nacional de Bioética para a Saúde. Akamaliza kuyeza ndi kuwerengera, amalemba n'kutumiza kwa mkonzi wa magazini. Mkonzi amapereka pepalalo kwa akatswiri awiri kapena atatu amene sanakhudzidwe ndi ntchitoyo, nthawi zambiri osadziwika kwa wolemba, kuti alipete ngati mmene mayi amapetera mphale palichero. Amatha kulikana, amatha kulibweza kuti likonzedwe, kawiri kapena katatu. Kupeta kumeneku ndiko kumasiyanitsa pepala la sayansi ndi nkhani ya m'nyuzipepala.

Koma si zonse zolowa m'nambala ija zimene zili zolemera mofanana. Kalata ya ndime zitatu yopita kwa mkonzi imawerengedwa chimodzi. Lipoti la wodwala mmodzi wa matenda achilendo, chimodzi. Kafukufuku wa zaka zisanu wotsatira ana mazanamazana, chimodzinso. Zili ngati kuwerenga ziweto za munthu n'kunena kuti ali nazo makumi atatu, osanena kuti zingati ndi ng'ombe, zingati ndi nkhunda. Palinso magazini achinyengo, amene amangofuna ndalama kwa wolemba n'kusindikiza chilichonse m'masiku ochepa popanda kupeta. Amakonda kutumiza makalata oshashalika kwa ofufuza achinyamata, ndipo mayina awo amawapanga kuti afanane ndi a magazini otchuka. Chikomekome cha mkuyu.

Kutchulidwa ndi anzako

Nambala yachiwiri, imene kawirikawiri imakhala yaikulu kwambiri, ndi ya kutchulidwa, citações pa Chipwitikizi. Wofufuza aliyense akamalemba amayenera kuonetsa kumene watenga mfundo zimene si zake. Kumapeto kwa pepala amandandalika mapepala a ena amene wawagwiritsa ntchito. Pepala lako likaoneka pamndandanda wa mnzako, watchulidwa kamodzi.

Alimi a mbatata ya kachewere a ku Tsangano ndi ku Domwe amvetsa msanga. Mbewu ikakhala yabwino, anansi amabwera kudzapempha, ndipo wina akafunsidwa amati, "Iyi ndinakatenga kwa akutiakuti." Pakapita zaka, dzina la mwini mbewuyo limamveka m'minda yambiri imene iye sanapondemo. Kuwerenga kutchulidwa ndi kuwerenga minda imene mbewu yako yafika.

Maganizo owerenga zimenezi anawafalitsa ndi Eugene Garfield wa ku America, amene analemba za nkhaniyi m'magazini ya Science mu 1955, ndipo mu 1964 anatulutsa kaundula wotchedwa Science Citation Index. Cholinga chake choyamba chinali kuthandiza wowerenga kutsata mfundo, kuti ukapeza pepala lakale udziwe amene anabwera pambuyo pake kudzawonjezera kapena kutsutsa. Zoyezera anthu zinabwera pambuyo. Lero kaundula ameneyu ali mkati mwa Web of Science, ya kampani ya Clarivate. Mu 2004 kunabwera ena awiri: Scopus, ya kampani ya Elsevier, ndi Google Scholar, imene ndi yaulere. Aliyense amawerenga mwa njira yake. Web of Science ndi Scopus amasankha magazini oti alowe m'kaundula wawo, pamene Google Scholar imakokolola chilichonse chooneka ngati cha maphunziro pa intaneti, ndi mabuku a ophunzira omwe. N'chifukwa chake munthu mmodzi yemweyo amakhala ndi manambala atatu osiyana, ndipo ya Google Scholar imakonda kukhala yaikulu. Kuyerekeza madotolo awiri, wina ndi nambala ya ku Scopus wina ya ku Google Scholar, kuli ngati kugula chimanga kwa uyu ndi lata, kwa uyo ndi sikelo, n'kumati mtengo ndi umodzi.

Mapepala amene amatchulidwa kwambiri nthawi zambiri amakhala opereka chida chimene aliyense amagwiritsa ntchito. Mu 1974 Graham Teasdale ndi Bryan Jennett anafotokoza m'magazini ya The Lancet njira yoyezera kuzama kwa kukomoka, imene imatchedwa sikelo ya Glasgow. Mwana wamng'ono sangayankhe mafunso ngati wamkulu, ndiye mu 1989 Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo, akugwira ntchito ndi ana odwala malungo a mu ubongo tsidya linali la malire, ku Malawi, anatulutsa sikelo ya Blantyre. Aliyense woyeza kukomoka kwa mwana wa malungo pa kafukufuku wake amayenera kutchula pepala limenelo. Apa nambala ndi phindu zimayendera limodzi, chifukwa chidacho chikugwiradi ntchito m'mawodi a ana.

Koma kompyuta yowerengayo sidziwa chifukwa chimene watchulidwira. Pamaliro dzina la munthu limatha kumveka kwambiri chifukwa anathandiza, limathanso kumveka chifukwa anthu akumudandaula. Wolemba akati "zimene anapeza akutiakuti n'zolakwika", nambala ya akutiakutiyo imakwera. Mu 2006 magazini ya Nature inasindikiza pepala lonena za puloteni ina imene ankati ndi imene imawononga kukumbukira pa matenda a Alzheimer. Linatchulidwa koposa ka 2,000. Kenako kunaoneka kuti zithunzi zina za m'pepalalo zinasinthidwa, ndipo mu 2024 linachotsedwa. Zaka 18 zonsezo nambala inali ikukwera. Palinso kudzitchula wekha. Kumeneku si kulakwa ngati ntchito yatsopano yamangidwa pa yakale, koma ena amapitirira muyeso, kapena amapangana ndi anzawo kuti azitchulana. Scopus ndi Web of Science amalola wowerenga kuchotsa kudzitchulaku kuti aone chotsala.

Nambala ya h

Nambala yachitatu ndi yaing'ono ndipo ndi imene imasokoneza anthu. Imatchedwa h-index, kapena índice h. Anaiyambitsa mu 2005 ndi Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi wa pa yunivesite ya California ku San Diego. Ankafuna nambala imodzi yophatikiza kuchuluka kwa mapepala ndi kutchulidwa kwake.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Tiyerekeze kuti dotolo wina ali ndi mapepala 7. Tiwaike pamzere kuyambira lotchulidwa kwambiri: 40, 18, 9, 5, 3, 1, 0. Tsopano tiyende pamzerewo. Pepala loyamba latchulidwa kamodzi kapena kuposa? Inde. Lachiwiri, kawiri kapena kuposa? Inde. Lachitatu lili ndi 9, laposa 3. Lachinayi lili ndi 5, laposa 4. Lachisanu lili ndi 3, silinafike 5. Taima pamenepo: h yake ndi 4. Tanthauzo lake n'lakuti ali ndi mapepala 4 amene lililonse latchulidwa kosachepera kanayi.

Tiyerekezenso mnzake amene ali ndi mapepala atatu okha: 900, 2, 1. Pepala lake loyambalo mwina linasintha kachizidwe ka matenda ena dziko lonse lapansi. Koma h yake ndi 2. Nambalayi imakonda mlimi amene amakolola bwino pang'onopang'ono m'minda yambiri, siona uja amene munda wake umodzi unadzaza nkhokwe za mudzi wonse. Ubwino wake ndi womwewo: munthu sangaikweze ndi mwayi wa pepala limodzi, kapena ndi mulu wa mapepala osawerengedwa ndi aliyense.

Chinanso, h sitsika. Munthu akapuma pantchito, ngakhale akamwalira, imatha kumakwerabe. Ndiye pulofesa wa zaka 65 amaposa mtsikana amene wangomaliza digiri ya udokotala wa maphunziro, ngakhale mtsikanayo atakhala wakuthwa chotani, pakuti pepala limafuna zaka ziwiri, zitatu kapena kuposa kuti liyambe kutchulidwa bwino. Mayi amene anaima zaka zingapo akulera ana, kapena dotolo amene anatumizidwa kukayendetsa chipatala cha kumudzi, nambala yake imaonetsa kuchedwa koma sinena chifukwa.

Kulemera kwa magazini

Mudzamvanso anthu akuti, "Ndasindikiza m'magazini ya impact factor yaikulu." Iyi ndi nambala ya magazini, si ya munthu. Amatenga mapepala amene magaziniyo inatulutsa m'zaka ziwiri zapitazo n'kuona kuti chaka chino atchulidwa kangati, kenako n'kugawa. Ngati mu 2022 ndi 2023 inatulutsa mapepala 100, ndipo mu 2024 mapepalawo atchulidwa ka 500, nambala yake ndi 5. Vuto n'lakuti mapepala ochepa otchuka ndi amene amakoka nambalayo. Mudzi ukakhala ndi wamalonda mmodzi wa malole atatu, mukaphatikiza chuma cha onse n'kugawa mofanana, papepala aliyense aoneka wopeza bwino.

Mayina a pamzere

Apa ndi pamene mtima wanga uli, ndiye mundilole ndichedwepo.

Kafukufuku wa za ubongo sachitika ndi munthu mmodzi. Pamafunika dotolo woona odwala, wa ku labotale, wodziwa kuwerenga zithunzi za makina ounika mutu, wa masamu, anamwino, omasulira, ndi anyamata a njinga zamoto odziwa njira ya kumudzi uliwonse. Ndi dima, ndipo funso ndi lakuti ntchito ikatha, ndani amatchulidwa kuti walima.

Pa zaumoyo, malo a dzina pamzere ali ndi tanthauzo. Dzina loyamba kawirikawiri ndi la amene anasenza ntchito yaikulu ndi kulemba. Dzina lomaliza ndi la mkulu woyang'anira, amene nthawi zambiri ndiye anapeza ndalama. Apakati anathandiza m'njira zosiyanasiyana. Komiti ya akonzi a magazini a zaumoyo yotchedwa ICMJE ili ndi mfundo zinayi zoti munthu akwaniritse kuti akhale wolemba: atengepo mbali yeniyeni pokonza kafukufuku kapena kusonkhanitsa ndi kumasulira zopezeka, alembe nawo kapena akonze zolembazo mozama, avomereze pepala lomaliza, ndipo avomere kuyankha ngati patapezeka cholakwika. Ena onse amangothokozedwa m'kandime ka kumapeto, ndipo kandime kameneko makompyuta owerenga aja sakaika pa nambala ya munthu.

Masamba a ofufuza pa intaneti amaonetsa mndandanda wa anzawo olemba nawo, ena amajambula ngati ukonde wa kangaude: kadontho kalikonse ndi munthu, ulusi ndi pepala limene analembera limodzi. Ukondewo umakuuzani zinthu zenizeni. Mumaona ngati munthu amagwira ntchito ndi gulu limodzi lokha kapena ndi magulu ambiri, ngati anzake onse ali kunja kapena alipo a m'dziko lake, ngati pali achinyamata amene akuwakweza n'kuwaika patsogolo pamzere.

Mgwirizano wabwino umabala zipatso zimene mbali imodzi payokha sikanatha. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, madotolo a ku Malawi ndi a ku America anaunika ndi makina ojambula m'kati mwa mutu otchedwa MRI ana 168 okomoka ndi malungo. Pepala lawo la mu 2015 m'magazini ya New England Journal of Medicine linaonetsa kuti mwa ana amene anamwalira, 84 pa 100 anali ndi ubongo wotupa kwambiri, pamene mwa opulumuka anali 27 pa 100. Funso loti n'chiyani kwenikweni chimapha ana amenewa linali litavuta zaka zambiri. Kuno kwathu, malo ofufuzira a ku Manhiça anakhazikitsidwa mu 1996 mogwirizana ndi dziko la Spain, ndipo aphunzitsa ofufuza ambiri a ku Mozambique. Pepala la mu 2010 lonena za odwala sitiroko m'zipatala za ku Maputo, m'magazini ya Stroke, dzina lotsogola ndi la Albertino Damasceno wa pa yunivesite ya Eduardo Mondlane.

Palinso mtundu wina, umene ofufuza amautcha kafukufuku wa helikopita: alendo kutera, kutenga magazi ndi mayankho, kunyamuka, n'kukalemba kwawo, mayina a eni dera osaoneka kapena kungounjikidwa pakati. Nkhaniyi yakambidwa kwambiri zaka zapitazi, moti mu 2022 magazini a Nature anakhazikitsa ndondomeko yolimbikitsa olemba kufotokoza mmene ofufuza a m'dera anatengera mbali. Nambala ya h siingakuuzeni kuti mgwirizano unali wa mtundu uti. Muyenera kutsegula mapepalawo n'kuona mzere wa mayina ndi maadiresi awo.

Mbali ina ya vutoli ndi mapepala a khamu. Kafukufuku wamkulu wowerengera matenda padziko lonse, Global Burden of Disease, amatulutsa mapepala okhala ndi mayina mazanamazana, ndipo amatchulidwa kambirimbiri. Ku fizikisi kunatuluka pepala mu 2015 la olemba oposa 5,000. Makompyuta ambiri amapatsa aliyense wa pamzerewo kutchulidwa konse kwathunthu, ngati kuti thumba limodzi la chimanga lalembedwa m'kaundula wa nyumba iliyonse ya m'mudzi. Ndiye mukaona nambala ya kutchulidwa yofika zikwi makumimakumi, funsani kuti yachokera m'mapepala angati, ndipo mwini dzinayo anali pati pamzere. Akatswiri ena oyeza zimenezi amagawa pepala m'zidutswa malinga ndi kuchuluka kwa olemba, koma masamba amene anthu amajambula n'kutumizirana sachita zimenezo.

Mbiri yathu ili ndi chitsanzo cha mbali inayo. Mu 1981, nthawi ya chilala, anthu oposa 1,000 m'chigawo cha Nampula anapuwala miyendo mwadzidzidzi. Eni dera ankati mantakassa, ndipo madotolo amati konzo. Gulu lofufuza, m'mene munali Julie Cliff ndi Hans Rosling, linapeza kuti gwero lake linali chinangwa chowawa chodyedwa chisanakonzedwe mokwanira, chifukwa njala sinalole anthu kudikira. Malipoti ake anatuluka mu 1984 m'magazini ya WHO, ndipo pamalo a wolemba panalembedwa Unduna wa Zaumoyo wa Mozambique. Ntchito yaikulu chotero, kompyuta yofufuza dzina la munthu ikhoza kuidumpha.

Zimene sikelo siiona

Kutchulidwa kumadalira kuchuluka kwa anthu olemba pa nkhaniyo. Ofufuza za Alzheimer ndi ambirimbiri, ali ndi ndalama, ndipo amatulutsa mapepala tsiku ndi tsiku, choncho otchulana ndi ambiri. Ofufuza za konzo kapena za njoka ya nkhumba mu ubongo ndi kagulu kochepa. Wogulitsa pamsika wa Kwachena ku Tete ndi wogulitsa pamphambano ya kumudzi sangafanane makasitomala, ngakhale tomato wawo atakhala mmodzimodzi. Pofuna kukonza zimenezi, pali manambala ena amene amayerekeza pepala ndi anzake a nkhani yofanana ndi chaka chofanana. Ku Scopus nambala yotere ikakhala 1, ndiye kuti pepala latchulidwa mofanana ndi anzake, ikakhala 2, kuwirikiza kawiri.

Chilankhulo nachonso chimalowapo. Magazini ambiri a m'makaundula akuluakulu ndi a Chingerezi. Wofufuza wa kuno amaphunzira m'Chipwitikizi, amafunsa odwala m'Chichewa kapena m'Chinyungwe, kenako alembe m'Chingerezi. Zimene walemba m'Chipwitikizi, malangizo a Unduna amene anathandiza kukonza, maphunziro amene anapereka kwa anamwino a m'maboma, zambiri mwa izo sizilowa m'kaundula. Malo monga African Journals Online ndi SciELO ya ku Brazil anakhazikitsidwa kuti magazini a kumadera ngati kwathu azioneka. Ndalama nazo ndi mpanda: magazini ambiri amene amalola aliyense kuwerenga kwaulere amalipiritsa wolemba, ndipo Nature inaika mtengo wa mayuro 9,500 pa pepala limodzi mu 2021, ngakhale kuti ofalitsa ambiri amachotsera kapena kukhululukira olemba a m'mayiko osauka.

Ndiye pali mayina athu. A Banda ndi a Phiri ali ku Tete, ku Malawi ndi ku Zambia, ndipo kompyuta ikaona "J. Banda" imatha kuphatikiza anthu asanu kukhala mmodzi. Mayina a Chipwitikizi aataliatali amaduka mosiyanasiyana, pepala ili latenga dzina la bambo, linalo la mayi, munthu mmodzi n'kugawika patatu. Mankhwala ake ndi ORCID, nambala ya zilembo 16 imene inayamba mu 2012, yaulere, yokhala ngati chitupa cha wofufuza. Wophunzira aliyense amene akuganiza zodzalemba aitenge asanatulutse pepala loyamba.

Amene amaikonda ndi amene amaikayikira

Manambalawa ali ndi mphamvu chifukwa amagwiritsidwa ntchito pokweza aphunzitsi a m'mayunivesite, posankha wolandira ndalama za kafukufuku, ndi poika mayunivesite pamndandanda. Oikira kumbuyo manambala amati popanda iwo chotsala ndi kukondera: wokwezedwa adzakhala mnzake wa bwana kapena wa kwawo. Nambala aliyense akhoza kuiona ndi kuitsimikiza, ndipo wachinyamata wopanda omudziwa akhoza kuloza ntchito yake. Komiti yokhala ndi makalata 200 ofunsira ndalama singawerenge mapepala onse a munthu aliyense.

Okayikira amati chimene mwasankha kuyeza ndicho anthu amayamba kulima. Wofufuza amatha kudula kafukufuku mmodzi kukhala timapepala tinayi, kapena kusiya matenda a kwawo n'kutsata nkhani imene ili ndi otchula ambiri. Mu 2012 akonzi ndi ofufuza anakumana ku San Francisco n'kukonza chikalata chotchedwa DORA, chopempha kuti nambala ya magazini isamagwiritsidwe ntchito poyeza munthu. Mu 2015 kunatuluka mfundo khumi za Leiden Manifesto, ndipo yoyamba imati manambala azithandiza chiweruzo cha akatswiri owerenga ntchitoyo, asalowe m'malo mwake. Mbali ziwirizi sizikanirana zonse. Ambiri amene amasaina zikalatazi amayang'anabe manambala, kungoti amafuna kuti wina atsegule thumba aone chimanga chili m'katimo.

Kwa ife a kuno, nkhaniyi imafika mpaka pa funso loti ndi matenda ati adzafufuzidwe. Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko ali ndi khunyu, pafupifupi 80 pa 100 a iwo ali m'mayiko osauka ndi apakati, ndipo mpaka 70 pa 100 akhoza kusiya kugwa atalandira mankhwala oyenera. Kufufuza chifukwa chake mankhwala a khunyu monga phenobarbital kapena carbamazepine safika kwa wodwala wa ku Chifunde kapena ku Furancungo mwezi uliwonse ndi ntchito imene singabweretse kutchulidwa kochuluka, koma ndi imene mabanja ambiri akuidikira.

Tsamba lija titalitsegula

M'mawa mwake mtsikana uja anafufuza dzina la bambo wa pachithunzi pa Google Scholar ndi pa PubMed, kaundula waulere wa mapepala a zaumoyo. Sitinayambire pa manambala. Tinawerenga mitu ya mapepala kuti tione nkhani imene amalemba, tinayang'ana zaka kuti tione ngati akulembabe, tinaona malo a dzina lake pamzere ndi mayiko a anzake. Anali wofufuza weniweni, wa ntchito yolemekezeka, koma ya matenda a okalamba, osati khunyu la ana. Azakhali aja tinawauza zimenezo, ndipo mtsikanayo anakhala nawo pansi n'kulemba m'kope masiku amene mwana anagwa, nthawi imene kugwako kumatenga, ndi mankhwala amene akumwa, kuti akapite nazo kuchipatala pa tsiku lawo lokaonana ndi dotolo.

Kenako analemba mawu awiri, Angónia ndi cysticercosis, dzina la Chingerezi la matenda a masese aja, ndipo pepala la nkhumba lija linatuluka, lonse lathunthu, laulere. Anayamba kuliwerenga mokweza akumasulira m'Chichewa. Msuweni wanga amene amaweta nkhumba kuseri kwa dimba anasiya kukonza njinga n'kusendera pafupi. Atamva za midzi 11 ndi za kukanula nkhumba kukamwa, anafunsa kuti nkhumba za m'khola zinapezeka bwanji poyerekeza ndi zoyendayenda, ndipo anamuuza mtsikanayo kuti abwereze ndime imeneyo pang'onopang'ono.